Mphindi Zitatu za Mphunzitsi Wopanda Mawu

Abale ndi alongo amene mumawerenga tsamba lino, mtendere wa Ambuye ukhale nanu kulikonse kumene muli. Ine ndine Mai Phiri, mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya ku Dambwa, kuno ku Livingstone. Amene munandidziwa kale mukukumbukira kuti ndikakalipa m'kalasi ya kumapeto, amayi ogulitsa zitumbuwa kunja kwa mpanda ankatembenuka. Ana anandipatsa dzina loti Sipika, ndipo ndisakunamizeni, dzinalo ndinkalikonda. Lero mawu amenewo kulibe. Ndikufuna ndikuuzeni mmene anapitira, mmene ntchito yanga inatsala pang'ono kupita nawo, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira kudzera mwa mayi amene ine ndinkamuyang'ana ndi diso la kumbali.

Zinayamba ndi kachotupa pakhosi. Ndinakabisa ndi mpango kwa nthawi yaitali, mpaka kumeza kunayamba kundivuta. Madokotala anati ndi chithokomiro ndipo chiyenera kuchotsedwa. Anandichenjeza bwinobwino kuti nthawi zina mawu amasokonekera ukachitika opaleshoni yotere, koma ine ndinangoseka. Mumtima ndinati amenewo ndi mawu a anthu ena, anga angapite kuti? Nditatsitsimuka ndinafuna kupempha madzi, ndipo chimene chinatuluka ndi kamphepo chabe. Anati tidikire milungu ingapo. Milungu inatha, miyezi inatha, bala linapola, koma mawu anangotsala onong'ona, oti munthu aike khutu pafupi ndi pakamwa panga kuti amve.

Tsiku limene ndinabwerera kusukulu sindidzaliiwala. Ndinalowa mu giredi naini, ana anaimirira n'kundipatsa moni, ine n'kutsekula pakamwa kuti ndiwauze akhale pansi. Palibe anamva. Anangoima chilili akundiyang'ana, ine ndikuwayang'ana, mpaka ndinachita kuwakhazika ndi dzanja. Palibe mwana anaseka, ndipo chimenecho chinandipweteka kuposa kusekedwa, chifukwa ndinaona kuti akundimvera chisoni. Ndinalira mu minibasi ulendo wonse wobwerera kunyumba. Nditafika potsikira, kondakitala sanandimve kuti ndikufuna kutsika, ndipo anandipitiriza mpaka ndinachita kumukoka malaya.

A hedi athu, Bambo Mudenda, ndi munthu wachifundo, koma nawonso ali ndi owalamulira. Teremu itafika pakati anandiitana mu ofesi, natseka chitseko. Anandiuza kuti makolo ena ayamba kufunsa ngati ana awo, amene akulemba mayeso chaka chomwecho, akuphunzira kanthu kwa mphunzitsi wosalankhula. Anati akuluakulu a zamaphunziro adzabwera teremu ikamatha kudzaona okha, ndipo njira zinali ziwiri. Mwina andichotse m'kalasi ndizikasunga makiyi a chipinda cha mabuku, kapena andipumitse ntchito chifukwa cha matenda. Ine ndaphunzitsa kuyambira ndili mtsikana, ndipo palibe ntchito ina imene ndimaidziwa.

Ndinapemphera, abale, ndipo ndinasala kudya. Pemphero langa linali limodzi tsiku ndi tsiku, loti Ambuye andibwezere mawu anga. M'mawa uliwonse ndinkaima ku bafa n'kuyesa kuimba, koma ayi ndithu. Ndinafika pomukwiyira Mulungu. Ndinamufunsa kuti mwa zonse zimene akanatha kundilanda, bwanji anasankha khasu langa lolimira? Kukwaya ndinasiya kupitako, ndipo kutchalitchi ndinayamba kukhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, kuti mapemphero akangotha ndizithawa anthu asanayambe kundifunsa mafunso oti sindingathe kuyankha.

Koma m'kalasi ndinkayenerabe kulowa, ndiye ndinapeza njira yongopulumukira. Ndinkabwera ndi zinthu za kunyumba, monga kandulo, botolo, mbale ya madzi, dzira kapena mwala. Pa bolodi ndinkalemba mafunso atatu. Mukuganiza kuti chichitike n'chiyani? Mwaona chiyani? Chifukwa chiyani? Ndikatero ndinkachita chinthucho ndi manja, n'kukhala pambali. Poyamba ana ankangoti duu, kudikira kuti Sipika awapatse yankho monga mwa masiku onse. Ataona kuti yankho silibwera, anayamba kunong'onezana, kenako kutsutsana, wina m'Chinyanja, wina m'Chitonga, wina m'Chilozi. Kale ndikanawakalipira kuti sayansi siphunziridwa m'chilankhulo cha kumsika. Tsopano ndinalibe chokalipira nacho.

Popeza ndinalibe chochita, ndinayamba kulemba zimene ankanena m'buku lachikuto cholimba. Ndinkalemba zimene ankaganiza tisanayese, zimene ankanena titayesa, ndi zimene ankakumbukira patapita milungu iwiri. Ndinadabwa ndi maganizo amene anali m'mitu mwawo. Ena ankakhulupirira kuti utawaleza uli ndi malo ake pamene umaima, oti munthu angathe kuyenda n'kukaugwira. Ena ankati umapezeka ku mathithi kokha ndi kumwamba mvula ikagwa, ndipo munthu sangaupange. Zaka zonsezi ndinkathira maphunziro pamwamba pa maganizo amenewa osadziwa kuti alipo, chifukwa ndinali ndisanakhalepo chete kuti ndiwamve. Komabe sindinaone kuti ndapeza chinthu cha nzeru. Kwa ine imeneyi inali ndodo ya munthu wolumala basi.

Bambo Mudenda ndi amene anaona bukulo pa tebulo langa. Analiwerenga ataimirira, kenako anatulutsa foni n'kundionetsa uthenga umene unabwera pa gulu la mahedi. Unali wa chionetsero cha pa intaneti, chimene aphunzitsi ndi ochita kafukufuku wa kaphunzitsidwe ka sayansi amatumizako mavidiyo afupiafupi, osapitirira mphindi zitatu, oonetsa zimene apeza. Kwa sabata yathunthu anthu a m'mayiko osiyanasiyana amaonera mavidiyowo, kufunsa mafunso pansi pake, mwini vidiyo n'kumayankha. A hedi anati, "Ba Madamu, ichi chamene mwalemba ni kafukufuku. Ngati abwana bafuna kuona, tibapase chakuona."

Apa ndi pamene ndinachita zopusa zanga. Ndinaganiza kuti anthu akunja sangaonere ana ovala mayunifolomu otuwa akukangana m'Chitonga pa kandulo. Ndinati sayansi iyenera kuoneka ngati sayansi. Mlamu wanga ali ndi butchala ku Maramba, ndiye ndinakabwereka makhoti oyera asanu ndi limodzi, aja amavala ogulitsa nyama, n'kuwanyika mu jiki masiku awiri kuti madontho a magazi achoke. Ndinatulutsa maikulosikopu imene inafa kalekale, n'kuipukuta fumbi. Ndinasankha ana odziwa Chingerezi n'kuwaloweza ziganizo. Mphunzitsi mnzanga wa mawu okoma anawerenga zimene ndinalemba, mwamuna wanga n'kujambula ndi foni, ine nditaima pakati ngati mkwatibwi. Nditaionera ndinasangalala kwambiri, kungoti phokoso la mphepo linali lambiri ndipo inali yaitali mphindi zisanu ndi ziwiri.

Tsopano ndikuuzeni za Ba Namakau. Ndi mayi wa msinkhu wanga, wa mumpingo mwathu, wamasiye, wolera ana ake yekha. Ntchito yake ndi yojambula alendo amene amapalasa mabwato a mphira m'zigwa za Zambezi kumunsi kwa mathithi. M'mawa amatsika phompho la kumeneko ndi kamera kumsana, amadumpha m'miyala kutsogolera mabwato, madzulo n'kukwera, ndipo alendowo asanamalize kusamba amakhala atadula zimene ajambula tsiku lonse kukhala kavidiyo ka mphindi zochepa. Amavala mathalauza, nkhope yake ndi yopsa ndi dzuwa, ndipo Lamlungu lina amabwera mochedwa, lina osabwera n'komwe. Tsiku lina pa msonkhano wa amayi, mawu anga akadali mawu, ndinanena kuti mkazi wopemphera sangamakhale tsiku lonse ndi azungu ovala timakabudula n'kumati ndi ntchito. Sindinatchule dzina, koma aliyense anadziwa, ndipo iwo anali pomwepo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata, ndipo wanga unanditsata ndithu.

Mwamuna wanga atanena kuti tikapemphe Ba Namakau atikonzere vidiyo, ndinapukusa mutu mpaka khosi linandiwawa. Ndinalemba papepala kuti bola ndichotsedwe ntchito. Iye sanatsutse, ndipo mpaka lero amakana kuti sanawauze. Chimene ndikudziwa n'chakuti Loweruka lina masana, nditangomaliza kupemphera pemphero langa lomwe lija la mawu, ndinamva odi pakhomo. Anali iwo, chikwama kumsana. Inali nyengo imene Zambezi amadzaza kwambiri moti mabwato amaima, ndiye anali pa tchuthi chosafuna. Anakhala pa mpando, napempha foni, n'kuonera vidiyo yanga kawiri.

Kenako anati, "Ba Madamu, iyi vidiyo ni ya boza. Aba bana sibakamba so. Na makhoti aya nayaziba, ni ya ku butchala."

Manyazi anandigwira moti ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinalemba mokwiya kuti ndinangofuna andichotsere phokoso la mphepo. Anawerenga, naseka pang'ono, osati monyoza. "Phokoso ningachose lelo lomwe. Koma boza siichoka na kompyuta. Nizabwela Mande ku kilasi, nione mwamene mupunzisila zoona."

Anabweradi Lolemba. Chinthu choyamba chimene anachita chinandidabwitsa, chifukwa sanatulutse kamera. Anandiuza kuti ndilembe makalata kwa makolo opempha chilolezo, ndipo mwana amene kwawo akana sadzaoneka ngakhale chala. Kenako anaika kamera pa miyendo yake itatu pakona, osaiyatsa, iwo n'kukhala pa desiki yakumbuyo ngati mwana wasukulu. Tsiku loyamba ana ankangokonza makolala ndi kumwetulira kamera. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Ine mtima unali phaphapha, chifukwa masiku otumizira vidiyo ankatha, ndipo ndinawalembera kuti tiyambe. Anangoti, "Lekani baileme. Kamera ifunika inkale monga mpando." Pofika tsiku lachinayi mwana wina anakoleka juzi lake pa kamerayo, ndipo Ba Namakau anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kuti tsopano yapsa.

Ndaonapo anthu odziwa ntchito, koma mayi uyu ndi wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kwake ine ndilibe ngakhale theka. Anandiuza kuti kumtsinje sajambula mafunde, chifukwa mafunde onse ndi ofanana. Amajambula nkhope ya munthu pamene bwato latsala pang'ono kulowa m'fundemo, ndipo amadziwa amene akuwe ndi amene aseke asanatero. M'kalasi ankachita chimodzimodzi. Pamene ine ndinkayang'ana ana okweza manja, iwo ankayang'ana amene milomo yawo ikugwedera koma manja ali pansi. Anaika foni yakale m'sokosi n'kuibisa pakati pa madesiki kuti izigwira mawu a ana popanda mphepo. Sanauzepo mwana kuti bwereza, ngakhale kamodzi. Chikawadutsa, chawadutsa.

Tsiku lojambula lenileni tinapita pa bwalo la mpira m'mawa, dzuwa lisanakwere. Ndinali ndi botolo lopopera madzi, lija timapopera zovala posita. Pa kabolodi kakang'ono ndinalemba funso limodzi: kodi tingapange utawaleza pano pa Dambwa? Ambiri anati ayi. Ndinapopera madzi m'mwamba. Ana amene anaima mbali imodzi anakuwa kuti awuona, amene anaima mbali inayo anati akunama, palibe kanthu. Mkangano unabuka woopsa. Anayamba kukokana malaya, uyu akuti bwera udzaime pano, uyo akuti popera pomwe paja. Ine pakhosi pankandiyabwa kufuna kuwauza yankho, koma ndikanawauza ndi chiyani?

Panali mtsikana wina dzina lake Mutinta, wochokera ku Mukuni, amene amakhala ndi azakhali ake kuno kuti aziphunzira. Zaka ziwiri ndinamuphunzitsa osamva mawu ake, ndipo m'mutu mwanga ndinali nditamuika kale m'gulu la ana ongodzaza kalasi. Tsiku limenelo anatuluka pagulu, nagwira mnzake mapewa n'kumutembenuza kuti dzuwa likhale kumsana kwake. Kenako analankhula m'Chitonga, mofulumira, manja akuthandiza. Anati amayi ake amagulitsa ziboliboli pafupi ndi mathithi, ndipo iye anaona kuti m'mawa utawaleza umaoneka ukaima malo ena, madzulo ukaima malo ena, ndipo nthawi zonse mthunzi wako umakhala kutsogolo kwako. Anati utawaleza suli pamalo amodzi, umadalira pamene waima iweyo, pamene pali dzuwa ndi pamene pali madontho. Anauza anzakewo kuti aliyense ayang'ane mthunzi wake kaye, ndipo onse atatembenuka ndinapoperanso. Bwalo lonse linakuwa.

Ine ndinaima ndi botolo m'manja misozi ikutsika. Mwana uja ankadziwa zimenezi kuyambira kale, ndipo amene ankamutseka pakamwa ndinali ine ndi mawu anga aja. Nditatembenuka ndinaona kuti kamera ya Ba Namakau inali kale pa Mutinta. Pambuyo pake ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji, ndipo anati anamuona kuyambira Lachiwiri kuti mwanayo ali ndi zonena, amangosowa mpata.

Kudula vidiyo kunatitengera masana atatu pakhonde la kwawo. Apanso tinakangana, ine papepala, iwo pakamwa. Ndinkafuna nkhope yanga ioneke, kuti abwana aone kuti mphunzitsi alipo. Iwo anangosiya manja anga okha, polemba funso ndi popopera madzi, ndi masamba awiri a buku langa lija. Ndinkafuna tiyambe ndi chithunzi cha mathithi kuti anthu akunja akopeke. Anakana. "Mathithi bayaona kale pa makalenda. Mutinta sibanamuonepo." Anamasulira mawu onse a ana m'Chingerezi n'kuwalemba m'munsi mwa chithunzi, a Chilozi iwo okha, a Chitonga mothandizidwa ndi a hedi, ndipo sanakonze ngakhale pamene mwana analakwitsa. Kumapeto kunali mizere itatu yolembedwa, yonena kuti mphunzitsiyu anataya mawu, anayamba kufunsa ndi kumvetsera, ndipo izi ndi zimene akupeza. Zonse zinakwana mphindi zitatu, kutsala timasekondi tochepa. Tinakaitumiza tili pa loji ina ya ku Nakatindi kumene mnzawo amagwira ntchito, chifukwa intaneti ya pafoni yanga inkangozungulira.

Sabata ya chionetsero itayamba, tsiku loyamba kunali zii. Ndinaonera mavidiyo a ena, a malabu owala ndi makompyuta, ndipo ndinagwa mphwayi. Koma ndikuuzeni zoona, ndinaphunziramo zambiri, ndipo ndinachita kaso kuona kuti padziko pali anthu ochuluka chotere amene amasowa mtendere ndi funso loti mwana amamva bwanji sayansi. Tsiku lachiwiri mafunso anayamba kubwera pansi pa vidiyo yathu. Mphunzitsi wina anafunsa mmene ndimachitira ngati ana onse agwirizana pa yankho lolakwika. Mayi wina wophunzitsa aphunzitsi anafunsa ngati ndingamulole kuonetsa vidiyoyo kwa ophunzira ake. Wina anandidzudzula mwaulemu kuti buku limodzi la kalasi imodzi silokwanira kunena kuti njirayi ndi yabwino kuposa zina, ndipo ananena zoona, moti ndinamuthokoza n'kumufunsa mmene ndingachitire bwino. Kumeneko kunalibe amene ankalabadira zoti ndimanong'ona. Ndinkayankha ndi zala, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala ndinkacheza ndi anthu mofanana nawo.

Funso limene linandigwetsa pansi linachokera kwa mphunzitsi wa dziko lakutali, amene anati wakhala akuyesa zaka zambiri kuti ana ake azilankhula m'kalasi koma amalephera, ndiye ine ndinatani? Ndinamuyankha kuti sindinachite mwanzeru zanga, ndinachita kutsekedwa pakamwa. Nditatumiza yankholo ndinagwada pansi pomwepo m'chipinda cha aphunzitsi. Miyezi yonseyi ndinkapempha Mulungu kuti andibwezere chimene ananditengera, osaona chimene anandipatsa.

Akuluakulu a zamaphunziro aja anabwera sabata yomaliza ya teremu, bambo ndi mayi. Anakhala m'kalasi mwanga phunziro lathunthu, ndipo ana anakangana za dzira loyandama m'madzi a mchere ngati mulibe alendo, pakuti anali atazolowera kamera. Kenako tinapita mu ofesi. Bambo Mudenda anawaonetsa vidiyo, mafunso onse a pansi pake, buku langa, ndi mapepala a mayeso a ana. Bambo uja anafunsa mafunso ovuta, ndipo anali ndi chifukwa. Anafunsa za tsiku limene mwana angavulale kapena moto ungabuke, ine osatha kukuwa. Ndinatulutsa wezulo imene Ba Namakau anandipatsa, ya kumtsinje, n'kuiika pa tebulo. Mayi uja anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anapempha kuti aonerenso pamene Mutinta akutembenuza mnzake. Sanatiuze kanthu tsiku limenelo.

Kalata inabwera sukulu zitatsekera. Inati ndipitirize kuphunzitsa kalasi yanga, andipezere kachipangizo kokweza mawu kovala m'chiuno, ndipo teremu yotsatira ndikaonetse aphunzitsi a masukulu oyandikana nafe mmene ndimachitira. Ndinaiwerenga katatu, n'kukwera minibasi ndi zovala za panyumba kupita kwa Ba Namakau. Ndinawapeza akuchapa. Ndinagwada pa simenti yonyowa, n'kuwakokera khutu pafupi, chifukwa izi sindinafune kulemba papepala. Ndinawanong'oneza kuti andikhululukire mawu aja ndinanena pa msonkhano wa amayi. Anandidzutsa ndi manja a thovu. "Ba Madamu, ine ninamvela, yanibaba, ninalila ku nyumba. Koma manje yasila, nkhani yatha. Imani, muzanyowesa chitenge."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anabwerera kudzathandiza munthu amene anawanyoza pagulu. Anati mwana wawo woyamba anadutsa m'manja mwanga zaka zapitazo, ndipo ngakhale ankandiopa, ankabwera kunyumba akunena za sayansi. Anati sakanatha kukhala pansi n'kumaona mphunzitsi akukasunga makiyi. Sanalandire kanthu kwa ine, ngakhale nkhuku imene ndinawapititsira anaiphika n'kundiitana kuti tidye limodzi.

Mawu anga sanabwerere, abale, ndisakunamizeni kuti mwina umboni ukome. Madokotala akuti mwina adzakwera pang'ono, mwina ayi. Masiku ena zimandiwawabe, makamaka kwaya ikaimba nyimbo imene ndinkaitsogolera. Kachipangizo kaja ndili nako, koma ndimakayatsa mwa apo ndi apo, chifukwa ndaona kuti ndikangokayatsa Sipika amafuna kudzuka. Mutinta tsopano amakhala kutsogolo, ndipo vuto lake ndi loti sakufunanso kukhala chete.

Inu amene mukudutsa m'chigwa chanu, kaya ndi matenda, kaya ntchito ikugwedezeka, musaleke kupemphera. Koma popemphera muzitsekulanso chitseko wina akagogoda, chifukwa yankho langa linabwera litavala thalauza, ndipo ndikanakhala ndi mawu tsiku limenelo mwina ndikanalibweza pakhomo. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinkalirira koma anandisungira kalasi yanga. Ndikuthokoza a hedi, mwamuna wanga amene akukanabe mlandu wake, ana anga a giredi naini, ndi aphunzitsi osawadziwa aja amene anapatula nthawi kufunsa mafunso mayi wa ku Dambwa.

Lamlungu lapitali inali nthawi ya maumboni kutchalitchi kwathu. Ndinachoka pa benchi yakumbuyo n'kupita kutsogolo ndi mapepala a umboni wanga, ndipo ndinapempha Ba Namakau kuti andiwerengere. Anaima pambali panga, atavala thalauza lawo, pamaso pa amayi omwe aja anandimva ndikuwanyoza. Anawerenga bwino za matenda, za makhoti a ku butchala mpingo n'kuseka, za Mutinta mpingo n'kuwomba m'manja. Koma ndinkatsatira ndi maso, ndipo ndinaona kuti paliponse pamene ndinalemba zowayamikira ankalumpha, n'kupitiriza ngati palibe kanthu. Ndinawakoka dzanja, iwo osandiyang'ana. Ndinayesa kunena ndekha, koma ngakhale a benchi yoyamba sanandimve.

N'chifukwa chake ndalemba umboni wonsewu pano, pamene sangathe kudula kanthu. Ba Namakau, mwadula mavidiyo ambiri pa moyo wanu, koma ndime iyi muisiye momwemo. Ndinakunyozani ndi mawu okweza pamaso pa anthu, ndipo ndikukuthokozani pamaso pa anthu ndi mawu amene ndatsala nawo. Mulungu amene anakutumani pakhomo panga akusungeni m'miyala ya mumtsinje muja, potsika ndi pokwera. Amen.